Mary Shelley: kodi imfa za ana ake ndi zimene zinabala Frankenstein?

Nangondo

Moni nonse. Gulu lathu lowerenga mabuku landipatsa ntchito yoti ndikakambe za Mary Shelley ndi banja lake. Zimene ndapeza pa intaneti zikungobwereza zinthu ziwiri: akuti analemba Frankenstein chifukwa cha chisoni cha ana ake atatu amene anamwalira, komanso akuti mwini nkhani weniweni ndi mwamuna wake Percy Shelley, iye anangoikapo dzina. Kodi ziwirizi n'zoona? Chinanso, mabuku awiri amene tili nawo akusiyana, lina lili ndi mitu 23, lina 24. Lenileni ndi liti? Odziwa ndithandizeni.

Mphunzitsi Wopuma

Anangondo, tengani pepala mujambule mzere pakati. Kumanzere mulembe madeti a m'banja, kumanja madeti a buku. Funso lanu loyamba lidziyankha lokha.

Bukuli analiyamba mu Juni 1816 ali ndi zaka 18, analimaliza mu Meyi 1817 ku Marlow, ndipo linatuluka pa 1 Januwale 1818. Ana anabereka anayi. Woyamba, wamkazi, anabadwa masiku asanakwane pa 22 Febuluwale 1815 n'kumwalira pa 6 Malichi. William anabadwa pa 24 Januwale 1816, anamwalira ndi malungo ku Rome pa 7 Juni 1819. Clara anabadwa pa 2 Sepitembala 1817, anamwalira ku Venice pa 24 Sepitembala 1818. Percy Florence, wa pa 12 Novembala 1819, ndi yekhayo amene anakula. Choncho pamene bukuli linkalembedwa, Mary anali ataika mwana mmodzi, osati atatu. William anali khanda lathanzi m'nyumba momwemo, ndipo miyezi yomalizira Clara anali m'mimba.

Ambiri amapunthwa chifukwa m'nkhaniyo munthu woyamba kuphedwa ndi kamnyamata kotchedwa William, mng'ono wake wa Victor Frankenstein, mnyamata uja amene anapanga cholengedwa chamoyo ndi ziwalo za akufa. Musakanene kuti ankalira mwana wake pamenepo. Dzinali linali paliponse m'banjamo: bambo ake anali William Godwin, mlongo wake wobadwa kwa mayi omupeza analinso William, ndipo iye mwini ali m'mimba makolo ake ankamutchula William poyembekezera mwana wamwamuna.

Imfa zoyenera kulowa kumanzere bukuli lisanathe ndi zinayi. Yoyamba ndi ya mayi ake, Mary Wollstonecraft, amene analemba A Vindication of the Rights of Woman mu 1792. Anachira pa 30 Ogasiti 1797 ku Somers Town mu London, koma nsengwa inakanirira. Dokotala amene anaitanidwa anaichotsa ndi manja zidutswazidutswa, nthawi imeneyo anthu asanadziwe kuti manja amalowetsa tizilombo m'thupi. Matenda analowa m'magazi, ndipo pa 10 Sepitembala anamwalira ali ndi zaka 38, khanda lili ndi masiku 11. Mary anawadziwa mayi ake kudzera m'mabuku awo ndi pamanda awo ku tchalitchi cha St Pancras, kumene ankakonda kukakhala n'kumawerenga, ndipo pamanda pomwepo ndi pamene ankakumanirana ndi Percy mu 1814.

Yachiwiri ndi ya khanda lija. Pa 19 Malichi 1815 analemba m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti analota mwanayo atatsitsimuka, kuti anangozizidwa chabe, ndipo atamusisita pafupi ndi moto anayambanso kupuma. Ngati mukufuna umboni umodzi wogwirika wolumikiza umayi wake ndi nkhani yodzutsa chakufa, ndi umenewu.

Ziwiri zinazo zinagwa motsatizana ali mkati molemba. Fanny Imlay, mkulu wake wa bambo ena, anadzipha pomwa mankhwala ogonetsa otchedwa laudanum m'nyumba yogona alendo ku Swansea pa 9 Okutobala 1816. Pa 10 Disembala mtembo wa Harriet, mkazi wa ukwati wa Percy, unapezeka m'dziwe la Serpentine ku Hyde Park. Pa 30 Disembala Mary ndi Percy anamanga ukwati. Masiku 20 okha. Changu chimenechi chinali choti khoti lipatse Percy ana ake awiri a kwa Harriet, Ianthe ndi Charles, koma mu Malichi 1817 khoti linamukaniza ndithu.

Komabe pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani ndi pa bambo. Godwin ndi amene analemba mu 1793 kuti ukwati ndi mwambo woipa. Koma mwana wake atathawa ndi Percy pa 28 Julayi 1814, iye ali ndi zaka 16, Percy ali ndi 21 ndi mkazi wapakati kunyumba, Godwin anatseka chitseko. Kwa zaka ziwiri ndi miyezi ingapo sankalankhula naye. Chonsecho ndalama za Percy sanasiye kulandira, chifukwa shopu yake ya mabuku a ana ku Skinner Street inali m'ngongole zosatha; nthawi ina mpaka anabweza cheke kuti alembepo dzina la munthu wina, lake lisaonekere limodzi ndi la Percy. Tsopano werengani mutu umene cholengedwacho chikutsegula maso usiku wa mvula mu Novembala. Victor akuthawira kuchipinda chogona. Icho chikumutsatira, chikukweza nsalu ya pabedi, chikutambasula dzanja, iye n'kuliyatsa liwiro kutsika masitepe. Mwana wabadwa, kholo lathawa, ndipo mlandu wonse wa bukuli wayambira pamenepo. Kenako bwererani kumayambiriro muone amene Mary analemba kuti walipereka kwa iye: William Godwin.

Wazamabuku

Aphunzitsi atha za madeti. Ine ndiyankhe za mitu ndi za Percy.

Mabuku anu onse awiri ndi enieni, ndipo onse ndi a Mary. La mitu 23 ndi la 1818. Makampani awiri, ya John Murray yomwe inkasindikiza za mlakatuli Lord Byron ndi ya Charles Ollier yomwe inkasindikiza za Percy, anali atalikana. Inalilandira ndi ya Lackington, n'kusindikiza mabuku 500 okha, m'magawo atatu a mitu 7, 9 ndi 7, opanda dzina la mlembi. Mu 1823 Godwin anakonza zoti litulukenso m'magawo awiri, ndipo apa ndi pamene dzina la Mary linaonekera koyamba pa buku la Chingelezi. La mitu 24 ndi la 1831, la kampani ya Colburn and Bentley, buku limodzi lotsika mtengo, limene Mary analikonzanso n'kulemberapo mawu oyamba atsopano.

Musadalire chikuto, ambiri osindikiza salemba kuti atenga la chaka chiti. Tsegulani mutu woyamba mufufuze Elizabeth. Mu la 1818 Elizabeth ndi mwana wa mlongo wawo wa bambo a Victor, ndiye kuti msuweni weniweni, ukwati wa chisuweni umene kwathu kuno akuluakulu sangaudabwe. Mu la 1831 ndi mwana wamasiye wa munthu wolemekezeka wa ku Milan, amene mayi a Victor anamupeza m'khumbi la alimi osauka pafupi ndi nyanja ya Como. Pali msampha: ngakhale mu la 1831 awiriwa amaitanabe kuti msuweni, ndiye musangoona liwulo n'kutseka buku. Chizindikiro china ndi mtengo uja unang'ambidwa ndi mphezi Victor ali ndi zaka 15. Mu la 1818 bambo ake ndi amene akumufotokozera za magetsi; mu la 1831 ndi mlendo wina wophunzira. Ndipo popeza mutu woyamba unagawidwa pawiri mu 1831, manambala onse anasuntha: usiku wa Novembala uja ndi mutu 4 m'buku lakale, mutu 5 m'latsopano. Pagulu lanu mukapanda kugwirizana zimenezi, wina adzawerenga za kumanda pamene mnzake ali kale pa kutsegula maso.

Kusintha kwakukulu kuli m'kamvekedwe. Victor wa 1818 amasankha yekha, amalakwa yekha. Wa 1831 amakankhira zambiri kwa tsoka, ngati kuti zonse zinalembedwa kale. Apa ndi pamene imfa za Clara, William ndi Percy zikulowa, Anangondo. Zinasintha buku lachiwiri, sizinabale loyamba.

Za Percy umboni ulipo woona ndi maso. Makope amene Mary ankalembamo ali ku Bodleian Library ku Oxford, ndipo zithunzi zake zili pa intaneti pa Shelley-Godwin Archive. Nkhani ili m'dzanja la Mary, zokonza za Percy zili m'mbali ndi pakati pa mizere. Charles E. Robinson, amene anafufuza makopewa tsamba ndi tsamba, anapeza kuti mawu a Percy ndi apakati pa 4,000 ndi 5,000 m'buku la mawu pafupifupi 72,000. Zambiri ndi kusintha liwu wamba ndi lapamwamba, kukonza masipelo, kulumikiza ziganizo. Pena anapereka maganizo, monga oti ulendo wa ku England auyambitse Victor mwini osati bambo ake. Pena ankangomuseka: pamene Mary analakwitsa sipelo, anamulembera m'mbali dzina lachibwana limene ankamuitanira, Pecksie. Imeneyi ndi ntchito ya mkonzi.

Mphekesera zinayamba chifukwa cha zinthu zitatu: panalibe dzina, mawu oyamba a 1818 analemba ndi Percy ngati kuti ndiye mlembi, ndipo aliyense ankadziwa kuti Percy ndi wotsatira wa Godwin. Ngakhale Walter Scott, amene analiyamikira m'magazini ya Blackwood's mu 1818, anaganiza kuti ndi la Percy, mpaka Mary anamulembera kalata kumuuza kuti ndi lake.

Chenjeraninso ndi nkhani ya mmene bukuli linayambira ku Geneva, kumene Mary ndi Percy ankacheza ndi Byron. Zoti kunagwa mvula yosalekeza m'chilimwe cha 1816 n'zoona. Phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika mu Epulo 1815 n'kusokoneza nyengo mpaka ku Ulaya. Zoti Byron, ku nyumba imene ankakhala ya Villa Diodati, anati aliyense alembe nthano ya mizukwa atatha kuwerenga buku la nthano zotero lotchedwa Fantasmagoriana, nazonso n'zoona. Koma zoti Mary anatha masiku ambiri mutu uli gwa, aliyense akumufunsa m'mawa uliwonse, zikuchokera m'mawu oyamba a 1831, patapita zaka 15. John Polidori, dokotala wa Byron, analemba pa 17 Juni kuti onse ayamba kale nthano zawo kupatula iye. Buku la Mary la tsiku ndi tsiku la miyezi imeneyo linasowa. Lotsatira likuyamba mu Julayi, ndipo pa 24 Julayi, ali ku Chamonix, ndi pamene akutchula koyamba kuti akulemba nkhani yake. Mawa lake anakaona chigwa cha madzi oundana cha Mer de Glace, malo amene anadzaikapo kukumana kwa Victor ndi cholengedwa chake.

Namaseko

Abambo awiriwa aima pa 1818 ndi 1831, ngati kuti mayiyu analemba buku limodzi. Achemwali, mukakakamba za banja musadumphe zaka 29 za umasiye, chifukwa ndi mmene muli yankho la chimene ankalembera zimene ankalembazo.

Yambani ndi Italy. Imfa ya Clara inali yopeweka. Percy anaitanitsa Mary mwachangu kuchoka ku Bagni di Lucca kupita ku Este, kukutentha, mwana akudwala kale, pofuna kukonza nkhani ya Claire Clairmont, mwana wa mayi omupeza a Mary, amene anabereka Allegra kwa Byron. Mwanayo anafooka ndi kutsegula m'mimba, n'kukamwalirira m'manja mwa mayi ake atangofika ku Venice. Patatha miyezi yosakwana isanu ndi inayi William anatsatira. Godwin m'malo mopepesa analemba kalata yomudzudzula kuti akulira mopitirira. M'chaka chomwecho cha 1819 Mary analemba Mathilda, nkhani ya mtsikana amene mayi ake anafa pomubereka ndipo bambo ake akumuululira chikondi chosayenera. Anaitumiza kwa Godwin mu 1820 kuti aisindikize. Godwin inamunyansa, sanaisindikize, sanaibwezenso. Inadzatuluka mu 1959. Amene akufuna buku lobadwa m'chisoni cha ana, ndi limeneli.

Pa 16 Juni 1822 anapita padera ku Casa Magni pafupi ndi Lerici, magazi osaleka, dokotala ali kutali. Percy anamukhazika m'bafa la madzi oundana mpaka magazi anasiya. Pa 8 Julayi Percy anamira ndi anzake awiri, boti lawo litakumana ndi namondwe pochokera ku Livorno. Mtembo anautentha pamchenga pafupi ndi Viareggio chifukwa cha malamulo a zaumoyo. Mary anali ndi zaka 24, mwana mmodzi, opanda ndalama.

Apongozi ake, Sir Timothy Shelley, anali munthu wachuma koma sanafune n'kumuona komwe. Poyamba anati athandiza pokhapokha Mary apereke mwanayo kuti aleredwe ndi ena. Anakana. Atabwerera ku England mu 1823 anagwirizana za mapaundi 100 pachaka, osati mphatso ayi, ngongole yodzabwezedwa pa chuma cha mwanayo, ndipo lamulo lake linali lakuti dzina la Shelley lisamveke m'mabuku. Mu 1824 atatulutsa ndakatulo zimene Percy anasiya, Sir Timothy analamula kuti mabuku otsala achotsedwe pamsika. Mu 1826 olemba nyuzipepala atatchula dzina lake pokamba za buku lake latsopano la The Last Man, ndalama zinaimitsidwa kwa kanthawi. N'chifukwa chake pachikuto cha mabuku ake otsatira pamangolembedwa kuti mlembi wa Frankenstein. Mbiri ya moyo wa Percy anamuletsa kulemba, iye n'kuzemba mwanzeru: mu 1839 anasindikiza ndakatulo zonse, n'kuika pa chaka chilichonse mawu ofotokozera aatali, amene mukawaphatikiza ndi mbiri yomweyo.

Frankenstein sanamulemeretse. Mu 1818 pangano linali gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu la mabuku 500. Mu 1831 anagulitsiratu umwini wake pa mapaundi 30. Sewero la Presumption, lochokera m'buku lomweli, limene linadzaza holo ku London mu 1823 silinamupatse kalikonse, malamulo a nthawiyo sankateteza zimenezo. Ndalama za Valperga, ya 1823, zinapita kwa Godwin. Ndiye ankalemba zonse zogulika: nthano zifupizifupi za m'mabuku a mphatso a pachaka, mbiri za olemba a ku Italy, Spain, Portugal ndi France za mu Cabinet Cyclopaedia, ndi mabuku ena atatu a nkhani, Perkin Warbeck, Lodore ndi Falkner. Anasamukira ku Harrow mu 1833 kuti mwana aziyendera kusukulu, fizi ya ogonera konko itamukulira. Sir Timothy anakhala mpaka zaka 90, anamwalira mu 1844.

The Last Man muiwerengeko ndithu. Mliri ukutha anthu onse kutsala mmodzi, ndipo Adrian ndi Percy, Lord Raymond ndi Byron, amene anamwalira ku Greece mu 1824.

Mary anamwalira pa 1 Febuluwale 1851 ku Chester Square mu London ali ndi zaka 53. Mwana wake ndi mpongozi wake Jane anamuika ku tchalitchi cha St Peter ku Bournemouth, n'kufukula mafupa a makolo ake ku St Pancras kukawaika manda amodzi.

Nangondo

Zikomo kwambiri nonse, pepala lija ladzaza mbali zonse. Katsala kamodzi: pokamba m'Chichewa ndichitchule chiyani chinthucho? Ena pagulu akuti ndondocha, ena chilombo, ena akungoti Frankenstein.

Kamtedza

Frankenstein ndi Victor, wochipangayo. Icho chilibe dzina, ndipo n'dala. Pa sewero la 1823 papepala la mayina a osewera anangoika timizere pamalo pa dzina lake, ndipo Mary ataona anakondwera nazo.

Ndondocha ayi, achemwali. Ndondocha monga timaimvera ndi munthu mmodzi wodziwika, wodulidwa lilime, wogwirira ntchito mwini wake. Ichi n'chosiyana pa zonse zitatu. Victor anachilumikiza ndi ziwalo zochokera m'nyumba zosungira mafupa a akufa, m'chipinda chong'ambira mitembo ndi kophera nyama, kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo anachipanga chachitali mafiti 8, pafupifupi mamita 2.4, chifukwa tiziwalo ting'onoting'ono tinkamuchedwetsa. Sichimvera munthu. Ndipo pakamwa chimaposa aliyense m'bukumo: chinaphunzira kulankhula ndi kuwerenga posuzumira pa kamng'alu m'nyumba ya banja la De Lacey, n'kuwerenga Paradise Lost, mbiri za Plutarch ndi buku la Goethe la Werther. Chimadya zipatso ndi mizu, usiku chimakatolera nkhuni n'kuwasiyira pakhomo osauka aja. Gwiritsani ntchito mawu awiri: cholengedwa pamene mukulankhula inuyo, chilombo kapena chiwanda pamene mukubwereza mawu a Victor. Omvera aona okha kuti wotukwanayo ndi kholo.

Za mutu waphwatalala, zitsulo za m'khosi ndi mphezi yolowera padenga ndi za filimu ya 1931 ya James Whale, imene Boris Karloff anasewera. M'bukumo mulibe wothandizira, ndipo Victor akukana dala kuuza Walton, woyendetsa chombo amene akumusimbira nkhaniyo, njira imene anagwiritsa ntchito. Chimene chinalipo m'nthawi ya Mary ndi zoyesa za Giovanni Aldini, amene mu Januwale 1803 analowetsa magetsi mumtembo wa munthu wonyongedwa ku Newgate, nsagwada n'kunjenjemera, diso limodzi n'kutseguka.

Ngati nthawi yowerenga mokweza ili yochepa, tengani pamene cholengedwacho chikudzifotokozera chokha: mitu 11 mpaka 16 mu la 1831, kapena gawo lachiwiri mitu 3 mpaka 8 mu la 1818. Mukasankha umodzi wokha, ukhale 15, kapena 7 m'gawo lachiwiri la lakalelo, pamene chikugogoda pakhomo pa nkhalamba yosaona n'kulandiridwa bwino, mpaka ana a nkhalambayo atabwerako koyenda.